Kapimidwe ka magawo a sewero loseketsa: chitsanzo cha Fawlty Towers

Sewero loseketsa la pa kanema wa ku Britain la Fawlty Towers lili ndi magawo 12 okha. Magawo 6 anaulutsidwa pa BBC2 mu 1975, ena 6 mu 1979, basi n'kuthera pompo. Munthu akhoza kuonera onse Loweruka limodzi dzuwa lisanalowe. Koma mukafunsa anthu amene amalikonda kuti gawo loposa onse ndi liti, ambiri amayankha ndi kandime kamodzi, monga pamene Basil, mwini hotelo wa m'seweroli, akukwapula galimoto yake ndi nthambi ya mtengo, kapena pamene akuguba ngati msilikali pamaso pa alendo ochokera ku Germany. Ntchito yopima magawo imasokonekera pamenepa. Kandime ka mphindi ziwiri kamakhazikika m'mutu kwa zaka zambiri, pomwe gawo lonse ndi la mphindi 30 kapena kupitirirako pang'ono. Wopereka malikisi ayenera kupima mphindi zonsezo pamodzi ndi zija zimene palibe amene amazikumbukira.

Seweroli analemba ndi John Cleese ndi Connie Booth, amene anali banja polemba magawo oyamba. Ukwati wawo unatha mu 1978, koma anapitiriza kulembera limodzi magawo a 1979. Nkhani yake imachitikira mu hotelo yaing'ono ya ku Torquay, tauni ya m'mphepete mwa nyanja m'chigawo cha Devon ku England. Cleese anatengera khalidwe la Basil Fawlty kwa Donald Sinclair, mwini hotelo ya Gleneagles m'tauni yomweyo, kumene gulu la anthabwala la Monty Python, limene Cleese anali m'modzi mwa iwo, linagona mu 1970. Pa hotelo ya m'seweroli pali Basil (John Cleese), mkazi wake Sybil (Prunella Scales), wantchito wanzeru Polly (Connie Booth) ndi woperekera zakudya Manuel wa ku Barcelona (Andrew Sachs), amene Chingerezi chimamuvuta. Mu 2000 bungwe la British Film Institute linaika seweroli pa nambala 1 pa mndandanda wa mapulogalamu 100 opambana a pa kanema wa ku Britain. Ulemu umenewu umavutitsa wopima, chifukwa munthu amayamba kuonera atagonja kale, ndipo gawo lililonse amangolipatsa malikisi 9 pa 10.

Musanalembe nambala iliyonse, dziwani chimene chimayendetsa seweroli. Basil amaopa Sybil, amaopa kuoneka wamba pamaso pa anthu apamwamba, ndiponso amaopa kutaya ndalama. Pafupifupi gawo lililonse limayamba ndi kachinthu kakang'ono kamene iye wabisa kapena wakamva molakwika chifukwa cha mantha amenewa. Kuti bodza loyambalo lisaululike pamafunika lachiwiri, kenako lachitatu, mpaka hotelo yonse ili piringupiringu. Funso loyamba la wopima likhale lakuti, kodi vuto lililonse likubadwa kuchokera ku vuto la m'mbuyo mwake, kapena olemba angoliponyamo kuchokera kunja?

Funso limeneli silingayankhidwe ndi kuonera kamodzi. Onerani katatu. Ulendo woyamba musagwire cholembera, ingoonerani monga munthu aliyense, ndipo pomaliza mulembe chiganizo chimodzi chonena mmene mwamvera. Papite tsiku limodzi kapena awiri. Ulendo wachiwiri tengani pepala, mujambule mizere yoyimira mphindi iliyonse kuyambira 1 mpaka kumapeto, ndipo pa mphindi iliyonse muzilemba zinthu ziwiri: chimene chabzalidwa ndi chimene chakololedwa. Chobzalidwa ndi chinthu chilichonse chimene olemba akuonetsa ngati chosafunika, monga chikwama, kiyi, dzina la munthu kapena lamulo limene Sybil wapereka. Chokololedwa ndi pamene chinthucho chabweranso kudzasokoneza. Ulendo wachitatu tsitsani mawu mpaka zii, muonere matupi okha: ndani wayima pati, khomo liti likutseguka, ndani akuona chimene mnzake sakuona. M'sewero la mtundu uwu masitepe, khomo la kukhitchini ndi tebulo lolandirira alendo zimagwira ntchito ngati osewera, ndipo zimenezi zimaoneka bwino mawu akakhala kuti palibe.

Gawo limene limaonetsa bwino phindu la pepala lija ndi “Communication Problems”, loyamba la 1979. Tsatirani ndalama zokha. Sybil analetsa Basil kubetcha pa mipikisano ya mahatchi. Basil atamva za hatchi yotchedwa Dragonfly akutuma Manuel mobisa ndi mapaundi 5, hatchiyo n'kupambana, ndipo m'manja mwake mukulowa mapaundi 75. Mlendo wovuta, Mrs Richards (Joan Sanderson), amene samva bwino koma amakana kuyatsa kachipangizo kake ka m'khutu poopa kutha batire, akuona Polly akuwerenga ndalamazo. Mayiyu akulengeza kuti wina wamubera mapaundi 85. Basil, poopa kusechedwa, akusungitsa ndalama zake kwa Major Gowen, nkhalamba yoiwalaiwala imene imakhala pa hoteloyo, ndipo akulangiza Manuel kuti akafunsidwa azinena kuti sakudziwa kanthu. M'mawa Major waiwala zonse. Ndalama zitapezeka m'thumba mwake, Mrs Richards akuti ndi zake, ndipo mboni yokhayo imene ikanapulumutsa Basil ndi Manuel, amene akubwereza mokhulupirika zomwe anauzidwa zija. Basil akutaya mapaundi 75 ake, ndipo mapaundi 10 operewera akuchokera m'bokosi la ndalama za hotelo. Kenako munthu wa kusitolo akubweretsa mtsuko wa maluwa umene mayiyu anagula, pamodzi ndi golovesi imene anaiwala kumeneko, muli mapaundi 95. Kwa kanthawi Basil wapambana. Pomwepo Major akukumbukira za hatchi ija pamaso pa Sybil, Basil akudzidzimuka, mtsuko uli m'manja mwake ukugwa n'kusweka, ndipo ndalama zija zikupita kukalipira mtsukowo.

Mukayang'ana pepala lanu muona kuti palibe chobzalidwa chimene chatsala m'munda. Kuiwala kwa Major, kumvera kwa Manuel, lamulo la Sybil ndi kusamva kwa mlendo zonse zaonetsedwa koyambirira, ndipo zonse zabwerera kudzaluma Basil. Palibe vuto lochokera kumwamba, lililonse walipanga yekha pofuna kudziteteza. Cleese wakhala akunena kuti gawo limodzi linkawatengera masabata pafupifupi 6 kulemba, ndipo nthawi yambiri inkathera pa kumanga nkhani asanalembe mawu oti osewera alankhule. Ntchito imeneyo ndi imene wopima akufunafuna.

Tsono malikisi. Njira yothandiza ndi kugawa malikisi 10 motere: 3 pa kamangidwe ka nkhani, 2 pa kukhulupirika kwa makhalidwe, 2 pa nthabwala, 2 pa kasewero, ndi 1 pa mathero. Kamangidwe kakutenga ambiri chifukwa ndi kamene kamapangitsa gawo kukomabe pa ulendo wachisanu, nthabwala zonse mukuzidziwa kale. M'sewero lina, lodalira macheza a anthu okhala pansi, mukhoza kusintha kagawidweka. Chofunika ndi kusankha muyeso musanaonere gawo loyamba n'kuusunga mpaka lomaliza. Mukausintha pakati, ndiye kuti mukuupinda kuti ukomere gawo limene mumalikonda kale.

Kukhulupirika kwa makhalidwe kumafuna kufotokoza pang'ono. Funso lake ndi lakuti, kodi Basil uyu akanachitadi zimenezi? Mu “Waldorf Salad”, mlendo wa ku America, Mr Hamilton, akufika usiku n'kupereka mapaundi 20 kuti wophika asaweruke. Wophika Terry akuchoka, ndipo Basil akuganiza zosunga ndalamazo n'kuphika yekha, kwinaku akunamizira kuti wophikayo akadali kukhitchini, mpaka kumakalipirana ndi munthu amene kulibe. Chinthuchi ndi chamisala, koma chikuchokera mu umbombo ndi kunyada kumene timamudziwa nako, choncho malikisi 2 onse ndi oyenera. Mu “The Anniversary” nkhani ndi yosiyanako. Basil akunamizira kuiwala tsiku lokumbukira ukwati wawo, Sybil akukwiya n'kuchoka, ndipo anzawo atafika Basil akuti mkazi wake wadwala n'kugoneka Polly pabedi mumdima kuti aoneke ngati Sybil. Apa woonera amayamba kudzifunsa chifukwa chake sangonena zoona. Yankho lilipo, ndi manyazi, koma bodzalo likukokedwa nthawi yaitali pa msomali umodzi, ndipo Sybil, amene ndi theka la mphamvu ya seweroli, sakuoneka kwa mphindi zambiri. Kuchotsapo theka la maliki kapena maliki imodzi si nkhanza.

Pa nthabwala, anthu ambiri amawerenga kuseka. Kuwerengako n'kothandiza, koma muziwerenga kuseka kwanu osati kwa anthu a mu situdiyo. Fawlty Towers inkajambulidwa pamaso pa anthu enieni, ndipo khamu la tsiku lina limakhala lotentha kuposa la tsiku lina. Cleese mwiniwake ananenapo kuti “The Builders” ndi gawo lofooka pa onse, ndipo anadandaula kuti oonera a tsiku limenelo sankaseka kwenikweni. Wopima akangotsatira khutu, alanga gawo chifukwa cha anthu amene anakhala pa mipando tsikulo. Pa pepala lanu siyanitsaninso mitundu ya nthabwala: ya mawu, ya thupi, ndi ya khalidwe, imene imaseketsa chifukwa choti mukumudziwa munthuyo. Gawo lokhala ndi mtundu umodzi wokha limatopetsa ngakhale litadzaza. “The Builders” imadalira kwambiri kumenyana ndi kukalipa, monga pamene Sybil akukwapula mmisiri O'Reilly ndi ambulera, ndipo kufooka kwake kwenikweni kuli pamenepo. Koma nkhani yake njoyera: Basil akusiya mmisiri wodalirika Stubbs n'kulemba wotchipa, khomo la chipinda chodyera likutsekedwa ndi khoma, ndipo pokonza O'Reilly akuika mtanda wa thabwa pa khoma lonyamula nyumba. Gawoli likhoza kupeza 2.5 pa kamangidwe ndi 1 yokha pa nthabwala.

Pali msampha wina kwa ife amene Chingerezi sitinayamwire. Nthabwala zambiri za Basil ndi zolankhula mofulumira, ndipo zina zimadalira kusiyana kwa anthu apamwamba ndi wamba ku England m'zaka za m'ma 1970, kapenanso masitiraka a antchito a nthawi imeneyo amene iye amakonda kudandaula nawo. Pa ulendo wachiwiri yatsani mawu olembedwa pansi pa kanema. Mukapanda kutero mudzakweza magawo a kugwa ndi kuthamangitsana n'kutsitsa magawo onga “The Hotel Inspectors”, amene kukoma kwake kuli pa mmene lilime la Basil likusinthira, kuchoka pa mwano kupita pa kunyambita n'kubwereranso, malinga ndi amene akumuganizira kuti ndi woyendera mahotelo.

Pa kasewero, osewera anayi aakulu salakwitsa kawirikawiri, choncho chimene chimasiyanitsa magawo ndi alendo. Mlendo wabwino ndi amene amakana kugonjera Basil ndipo sakudziwa kuti ali m'sewero loseketsa. Joan Sanderson samwetulira ngakhale kamodzi. Bernard Cribbins, monga Mr Hutchinson wogulitsa masipuni mu “The Hotel Inspectors”, amalankhula mozungulira mpaka woonera n'kuyamba kumumvera chisoni Basil. Geoffrey Palmer mu “The Kipper and the Corpse” ndi dokotala amene akungofuna masoseji ake a m'mawa pamene ena akuzembetsa mtembo wa mlendo Mr Leeman kuchoka m'wadiropu kupita m'dengu la zochapa. Onani nkhope ya dokotalayo pa ulendo wopanda mawu uja. Kudekha kwake ndi kumene kukupangitsa chipwirikiti cha enawo kuoneka chachikulu. Musachotse malikisi chifukwa cha makoma ogwedezeka kapena kusintha kwa maonekedwe a chithunzi munthu akatuluka panja. Nthawi imeneyo BBC inkajambula za m'kati pa vidiyo mu situdiyo ndipo za panja pa filimu, ndiye kusiyanako kuli m'magawo onse ndipo sikukuthandizani kusiyanitsa limodzi ndi linzake.

Tiyese muyesowu pa “The Germans”, gawo lotchuka koposa. Pepala lanu likuonetsani chinthu chimene ambiri sakumbukira: gawoli ndi nkhani zitatu zolumikizidwa. Yoyamba ndi ya Sybil ali m'chipatala ndi vuto la chikhadabo cha kuphazi, akulamula pa foni kuti Basil apachike mutu wa chinyama cha nyanga zikuluzikulu chotchedwa moose. Yachiwiri ndi yoyeserera kuthawa moto, pamene belu la akuba likulira m'malo mwa belu la moto, alendo n'kumakangana ndi Basil za kusiyana kwa mabelu awiriwo, kenako moto weniweni n'kubuka kukhitchini Basil atangolengeza kuti zoyesererazo zatha. Yachitatu ndi ya alendo a ku Germany, imene ikubwera chakumapeto. Ndime ya mabelu ija mwina ndi yolembedwa mwaluso koposa m'seweroli lonse. Koma zigawo zitatuzi sizikubalana monga mmene ndalama za Dragonfly zikuchitira. Chikuzilumikiza ndi kuvulala m'mutu kwa Basil. Kuvulalako kukuchepetsanso maliki a khalidwe, chifukwa munthu amene akunyoza alendo pa za nkhondo ndi wodwala wothawa m'chipatala, si Basil amene akusankha yekha kudzikumbira dzenje. Mwa muyeso uno gawoli lipeza 1.5 pa kamangidwe, 1.5 pa khalidwe, 2 pa nthabwala, 2 pa kasewero ndi 1 pa mathero. Zonse pamodzi ndi 8. “Communication Problems” ipeza 10, ndipo kusiyana kwa malikisi awiriwo mukhoza kukuloza ndi chala pa pepala.

“Gourmet Night” imagwa pakati pa awiriwa. Wophika watsopano Kurt waledzera usiku wa phwando, Basil akuthamangira ku lesitilanti ya André kukatenga bakha wophikaphika, bakha woyamba akuwonongeka, ndipo pa ulendo wachiwiri galimoto ikuzima panjira. Kukwapula galimoto kuja kukuseketsa chifukwa mphindi zoposa 20 zakhala zikumufinya munthuyo. Mukaonera kandimeko kokha pa intaneti mukuona munthu wamisala ndi nthambi, koma mukaonera gawo lonse mukuona munthu amene chilichonse chamukana. Pomaliza akuvundukula mbale pamaso pa alendo, muli chakudya chotsekemera m'malo mwa bakha, iye n'kupisamo manja kufunafuna bakhayo. Mathero amenewa ndi oyenera maliki yonse.

Maliki ya mathero ndi imodzi yokha, koma musaipereke mwaulere. Mathero abwino amakolola chinthu chomaliza chimene chinabzalidwa, ndipo kanema amatseka nthabwala isanazizire. Mu “Basil the Rat”, limene linachedwa kujambulidwa chifukwa cha sitiraka ku BBC n'kudzaulutsidwa mu Okutobala 1979, khoswe wa Manuel, amene iye amakhulupirira kuti ndi kanyama koweta ka ku Siberia, wakhala akusakidwa gawo lonse pamene woyendera zaumoyo Mr Carnegie ali pa hotelo. Akutulukira m'chitini cha mabisiketi chimene atsegulira woyenderayo, maso ndi maso. Palibe kufotokoza kwina. Basil akukomoka, Manuel akumukoka pansi kutuluka naye, Sybil akuyamba kukamba za nyengo. Yerekezani ndi “The Wedding Party”, limene mathero ake akubwereza nthabwala yomwe yakhala ikuchitika kale, ya Basil kupezeka pamalo okayikitsa ndi Manuel. Likuseketsa, koma silikutseka kanthu katsopano, choncho theka la maliki ndi lokwana.

Mukamaliza magawo onse 12, chitani mayeso ena amodzi. Alembeni pa timapepala, muzitenga tiwiritiwiri n'kudzifunsa kuti, nditapatsidwa mphindi 30 zokha usiku uno, ndingaonere liti? Sanjani timapepalato motsatira mayankho anu, kenako yerekezani ndi malikisi aja. Pamene ziwirizi zasemphana, bwererani ku gawolo. Nthawi zina mupeza kuti mtima ukukokedwa ndi kandime kamodzi, ndiye malikisi akhale momwemo. Nthawi zina mupeza kuti muyeso waphonya kanthu, monga kutopetsa kwa phokoso losalekeza, ndiye mulembe zimenezo m'ndemanga yanu poyera. Onetsetsaninso kuti malikisi anu atambasuka. Ngati gawo lotsika lapeza 8.5 ndipo lokwera 9.5, simunauze wowerenga kanthu. Mukupima magawo a sewero limodzi pakati pa iwo okha, simukuwayerekeza ndi masewero ena, choncho gawo lofooka la sewero lopambana likhoza kupeza 6 popanda kulinyoza. Pa chifukwa chomwechi musayang'ane manambala a pa IMDb, tsamba la pa intaneti lovotera mafilimu, musanalembe anu. Amene amavota kumeneko ambiri ndi okonda seweroli kale, ndipo gawo lotchuka limakoka mavoti a anthu amene akukumbukira kandime kamodzi.

Polemba ndemanga, nambala ibwere pamodzi ndi umboni. Tchulani mphindi imene nkhani yayamba kuyenda, chinthu chimodzi chobzalidwa ndi pamene chakololedwa, mlendo amene wanyamula gawolo, ndi malo amodzi pamene lafooka. Chenjezani koyambirira ngati muulula mathero. Sewero likhoza kukhala la 1975, koma tsiku lililonse pali wina amene akuliona koyamba.

Chatsala ndi nkhani ya zinthu zimene zakalamba moipa. Mu “The Germans”, Major Gowen amagwiritsa ntchito mawu onyoza anthu akuda ndi Amwenye pokamba za masewera a kriketi, ndipo Basil amadzidzimuka poona dokotala wachikuda, amene anaseweredwa ndi Louis Mahoney, wobadwira ku Gambia. Mu 2013 BBC inadula mawu a Major aja poulutsanso gawoli, ndipo mu Juni 2020 kampani ya kanema ya UKTV inalichotsa kwa masiku angapo pa malo ake oonera pa intaneti, kenako n'kulibwezera ndi chenjezo. Cleese anateteza ndimeyo ponena kuti amene akusekedwa ndi Major mwiniyo, nkhalamba yotsalira m'maganizo. N'zoona kuti seweroli silimuonetsa Major ngati munthu wanzeru. N'zoonanso kuti mawuwo amapweteka, ndipo wowerenga wachikuda ali ndi ufulu wodziwa zimenezi asanakhale pansi ndi ana ake kuti aonere. Manuel nayenso amafuna diso lomwelo. Amamenyedwa m'magawo ambiri, ndipo pojambula ndime ya moto ija Andrew Sachs anapsadi ndi mankhwala amene anapakidwa pa jekete lake kuti lizifuka utsi. Pa ndime iliyonse yotere dzifunseni kuti chiseko chikugwera ndani. Pamene Manuel, ndi mtima wake wabwino, akuonetsa uchitsiru wa bwana wake, nthabwalayo yagwira ntchito. Pamene akungomenyedwa chifukwa ndi mlendo wosadziwa chilankhulo, chotsani pa malikisi a nthabwala ndipo mulembe chifukwa chake. Mutchulenso mtundu wa gawo limene mwaonera, lodulidwa kapena lathunthu, chifukwa owerenga awiri akhoza kutsutsana za “The Germans” pomwe wina sanamve n'komwe mawu amene mnzake akudandaula nawo.